Nyumba Zazitali Zisatichingire Utsi wa Mosi-oa-Tunya

Dzina la Liverpool si lacilendo m'makutu mwa anthu a muno m'Zambia. Loweruka liri lonse anyamata athu, ndi abambo a imvi omwe, amaunjikana pa wailesi ya kanema kuonera mpira wa ku England, ndipo mikangano ya okonda Liverpool ndi okonda matimu ena imamveka m'mabasi a ku Matero, m'misika ya ku Chipata ndi m'maofesi momwe. Koma lero sitikamba za mpira ai. Tifuna kukamba za ulemu umene mzinda umenewu unalandidwa m'caka ca 2021, pakuti ife a Zambia tiri ndi ulemu wa mtundu womwewo, ndipo njira imene anzathuwo anautayira iri yotseguka kwa ifenso.

Bungwe la UNESCO, limene liri nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi cikhalidwe, limasunga kaundula wa malo amene maiko anagwirizana kuti ndi colowa ca anthu onse a pa dziko lapansi, osati ca mtundu umodzi wokha. Pa 21 Julaye 2021 komiti yoyang'anira kaundulayo, pa msonkhano wake umene unatsogoleredwa kucokera mu mzinda wa Fuzhou ku China, inaponya mavoti mwacinsinsi pa mlandu wa Liverpool. Nthumwi 13 zinati dzinalo lifafanizidwe, ndipo nthumwi 5 zokha ndizo zinakana. Motero mzinda umene unalembedwa m'kaundula mu 2004 unacotsedwamo patangopita zaka 17. Cilango cotere sicigwa kawirikawiri. Cisanafike ku Liverpool cinali citagwera malo awiri okha: malo osungirako nyama za m'cipululu ku Oman mu 2007, ndi cigwa ca mtsinje wa Elbe pa mzinda wa Dresden ku Germany mu 2009, kumene anamanga ulalo wa galimoto pakati pa malo okongolawo. Mlandu wa Liverpool unali wa zimene zinamangidwa m'mbali mwa madzi.

Kuti timve bwino nkhaniyi tiyenera kudziwa cimene cinali kusungidwa. Liverpool ali m'mphepete mwa mtsinje wa Mersey, pafupi ndi pamene umathira m'nyanja yamcere, ndipo cuma cake cinabwera pa madzi. Doko lake loyamba la zipupa, lotsekera madzi mkati kuti zombo zisakhale pa matope nyanja ikaphwera, linatsegulidwa mu 1715. Pambuyo pake madoko ena anatsatana mtunda wa makilomita angapo, pamodzi ndi nyumba za njerwa zosungiramo katundu monga za pa Albert Dock za mu 1846. Tisabise kuti mbali ina ya cumaco inacokera m'misozi ya anthu akuda, cifukwa zombo za ku Liverpool zinanyamula ana a Africa pafupifupi 1.5 miliyoni kunka nao ku ukapolo malonda oipawo asanaletsedwe mu 1807. Mbiri yowawa imeneyi inalinso pakati pa zifukwa zosungira madokowo, kuti mibadwo ya m'tsogolo isaiwale.

Pakati pa gombelo, pa malo ochedwa Pier Head, pali nyumba zitatu zimene eni mzinda amazinyadira kopambana: Port of Liverpool Building ya mu 1907, Royal Liver Building ya mu 1911, imene iri ndi mbalame ziwiri za mkuwa pamwamba pake, ndi Cunard Building ya mu 1917. Munthu wobwera pa combo ankaona mzere wautali wa madoko ndi nyumba zofupika, kenaka nyumba zitatuzo zitatumphuka pamwamba pa zonse. Cimeneco ndico cithunzi cotsiriza cimene anthu miyandamiyanda osamukira ku America ankaona combo cikucoka, ndi coyamba cimene amalinyero ankaona pobwerera kwao.

Tsono cithunzico sicinaonongeke tsiku limodzi, ndipo apa ndi pamene tifuna owerenga athu achere khutu. Palibe munthu amene anagwetsa nyumba zitatu zija. Ziripo kufikira lero, zosamalidwa bwino lomwe. Cimene cinasintha ndi zimene zinamera m'mbali mwake ndi kumbuyo kwake. Pofika 2008 panali pataimirira West Tower, ya nsanjika 40, yaitali mamita 140, pamene Royal Liver Building ndi ya mamita 98. Amene afuna poyerekezera akumbukire kuti Findeco House ya pa Cairo Road mu Lusaka ndi ya mamita 90. Patapita zaka zocepa, pa malo ochedwa Mann Island panamangidwa nyumba zakuda zonyezimira zimene zinachinga maso a munthu woimirira ku Albert Dock, amene kale ankaona nyumba zitatuzo poyera kutsidya kwa madzi a doko. Mu 2012 Khonsolo ya mzindawo inabvomereza pulani ya kampani ya Peel yochedwa Liverpool Waters, ya mapaundi 5.5 biliyoni, yomanga nyumba zogona, maofesi ndi nsanja zazitali pa mahekitala 60 a madoko akale a kumpoto. Caka comweco UNESCO inaika Liverpool pa mndandanda wa malo amene ali pa ngozi. Zaka 9 zinatha ndi macenjezo, makalata ndi malonjezo. UNESCO inapempha kuti Khonsolo iyambe yaleka kupereka zilolezo zatsopano pa gombelo kufikira malire a kutalika kwa nyumba atakhazikitsidwa, Khonsolo inakana. Potsiriza, mu Febuluwale 2021, inalola timu ya Everton kukwirira ndi mcenga doko la Bramley-Moore, la mu 1848, ndi kumangapo bwalo la mpira. Patapita miyezi 5 mavoti aja anaponyedwa. Bwalolo, lokhalamo anthu oposa 52,000, linatsegulidwa mu 2025.

Nyumba iri yonse mwa zimenezi, poiona payokha, inali ndi cifukwa comveka. Iyi idzabweretsa nchito, iyo idzadzutsa malo ogona tulo, inayo ndi imodzi cabe ndipo siingasinthe kanthu. Makomiti anakhala, akatswiri analemba malipoti, zilolezo zinasainidwa motsata malamulo. Cimene cinasowa ndi munthu woti akwere bwato, aime pakati pa mtsinje, naziwerenge zonse pamodzi.

Sitingakhale oona mtima ngati sitinena mbali ya eni mzinda. Madoko a kumpoto aja anali atakhala mabwinja kwa zaka makumi angapo, otsekedwa ndi zipupa, osafikako munthu wamba, ndipo makomboni owazungulira ndi ena mwa osauka kwambiri m'dziko la England. Atsogoleri a mzinda anafunsa kuti, kodi doko lopanda combo liposa nchito za anthu? Meya wa nthawi imeneyo, Mai Joanne Anderson, anati cigamuloco cinali cosamveka, nadandaula kuti a UNESCO anali asanapondeko mu mzindawo kwa zaka khumi. Ndiponso Liverpool sanafe. Alendo akali kupitako cifukwa ca mpira ndi cifukwa ca mbiri ya oimba a Beatles, ndipo mu 2023 mzindawo unalandira mpikisano waukulu wa nyimbo wa Eurovision. Ife amene tidziwa ululu wa ulova, amene tiri ndi ana omaliza sukulu ongokhala pa khomo, sitingawaseke anthu amene anasankha nchito. Koma Liverpool anadza ku msika ndi madengu ambiri, ndipo limodzi litagwa ena anatsala. Mzinda wathu wa Livingstone unadza ndi dengu limodzi.

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ambiri sadziwa kuti msonkhano womwewo umene unafafaniza Liverpool unakambanso za ife. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene eni dera amawachanso Shungu Namutitima, ndipo David Livingstone atawaona mu Novembala 1855 anawapatsa dzina la Victoria, analembedwa m'kaundula mu 1989 m'dzina la Zambia ndi Zimbabwe pamodzi. Ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamene pali pakuya kopambana madzi amagwa mamita 108. Mu 2021 komiti inadandaula za kuculuka kwa zomangamanga za alendo mkati ndi m'mbali mwa malowa, nipempha Zambia kuti iyambe yaimitsa nchito yomanga hotela yaikulu pafupi ndi pamene mtsinje wa Maramba umathira mu Zambezi, kufikira atakambirana. Mu Febuluwale 2022 akatswiri a UNESCO ndi a bungwe loteteza zacilengedwe la IUCN anabwera kudzaona ndi maso ao. Hotelayo, ya zipinda 200, yomangidwa ndi ndalama za NAPSA, inatsegulidwa kumapeto kwa caka comweco. Sikanali koyamba kuti gombe limeneli libutse mkangano. Mu 2006 panali pulani yomanga mahotela, nyumba zambirimbiri ndi bwalo la gofu pa mahekitala 220 a m'paki ya Mosi-oa-Tunya. Anthu a mu Livingstone ndi mabungwe oteteza zacilengedwe anaikana kwamtuwagalu, ndipo Environmental Council of Zambia, imene inalowedwa m'malo ndi ZEMA mu 2011, inakana mbali yaikulu ya pulaniyo.

Tinene momveka kuti wina asatimve molakwa. Mathithi athu sanaikidwe pa mndandanda wa malo amene ali pa ngozi. Pa gombe lathu palibe nsanja ya mtundu wa West Tower. Mahotela amene anatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi mathithi anamangidwa mofupika, obisala m'mitengo. Royal Livingstone ndi ya nsanjika ziwiri zokha, ndipo palibe mlendo amene anabwerera kwao cifukwa cakuti hotela inafupika. Sititsutsanso kumanga mahotela. Dziko limene kwa zaka zambiri ladalira mkuwa wokha lifunika alendo ndi ndalama zakunja zimene amabwera nazo, ndipo ophika, oyala mabedi, oyendetsa mabwato ndi osema ziboliboli a kwa Mukuni amadya kucokera m'thumba la mlendo. Cimene ticita naco mantha ndi cina. Malo a m'mbali mwa mtsinje pakati pa tauni ndi mathithi ndi ocepa, ndipo caka ndi caka akucepera. Mtengo wake ukukwera. Munthu amene wagula kamalo kakang'ono ndi ndalama zambiri amafuna zipinda zambiri kuti ndalama zake zibwerere, ndipo pansi pakatha amayang'ana kumwamba. Pempho lomanga nsanjika 8 kapena 10 pa gombe la Zambezi lidzafika ndithu pa tebulo la Khonsolo. Lidzadza ndi zithunzi zokongola, ndi lonjezo la nchito mazana angapo, ndi mau akuti ndi nyumba imodzi cabe.

Nyumba yaitali m'mbali mwa madzi siiri ngati nyumba yaitali pakati pa tauni. M'tauni nyumba zimabisana, ndipo woyenda pa mseu amaona zimene ziri pafupi naye. Madzi ndi athyathyathya, sabisa kanthu. Cimene camangidwa pa gombe cimaoneka kwa ali yense amene ali pa bwato, pa cisumbu kapena kutsidya, ngakhale ali pa mtunda wa makilomita angapo, ndipo madzi akadekha cimaoneka kawiri, pamwamba ndi m'madzi momwe. Kumtunda kwa mathithi Zambezi ndi wotakata kuposa kilomita imodzi, wodzala ndi zisumbu, ndipo cimene cimakomana ndi thambo kumbali zonse ndi mzere wa mitengo: migwalangwa, kanjedza ndi mikuyu. Mlendo amene wauluka usiku wonse kucokera ku Tokyo kapena ku Berlin wasiya nsanja kwao. Amalipira kuti aone dzuwa likulowa kuseri kwa mitengoyo, mvuu zikupuma, njobvu zikuoloka kunka pa cisumbu. Denga limodzi lotumphuka pamwamba pa mitengo likwanira kusintha zonsezo, cifukwa diso la munthu limathamangira cinthu coongoka cimene ciri pakati pa zinthu zopindika za cilengedwe, ndipo likacipeza silicokapo.

Kuchinga nakonso kuli ndi masamu ake, ndipo ndi apafupi. Mwana ali yense adziwa kuti cala cikayandikira diso cimabisa phiri. Pa nthawi ya madzi ambiri, m'miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi, utsi wa mathithi umakwera mamita 400 kapena kuposa, nuoneka pa mtunda wa makilomita oposa 20. Tauni ya Livingstone iri pa makilomita ngati 10 kucokera pa mathithi. Tiyerekeze kuti malo ndi osalala. Kwa munthu woima pa mtunda wotere, nyumba ya mamita 12 okha, ndiye kuti nsanjika zinai, yomangidwa mamita 300 patsogolo pake, ikwanira kumubisira utsi wonsewo. Nyumba ya nsanjika 10 idzaubisira onse okhala kumbuyo kwake molunjika kufikira mamita 750. Amenewo si alendo ai. Ndi amai amene amauona utsiwo m'mawa akusesa pa bwalo, ndi ana amene amaulozerana popita ku sukulu. Usiku nao uli ndi mlandu wake. Mwezi ukakhala wathunthu pa nyengo ya madzi ambiri, pa mathithi athu pamaoneka utawaleza wa usiku, cinthu cimene cimapezeka pa malo owerengeka cabe pa dziko lapansi. Utawaleza umenewu ndi wofooka, umafuna mdima. Magetsi a nyumba yofupika amamezedwa ndi mitengo, koma a m'mazenera a nsanjika ya 10 amawalira thambo ndi utsi womwe.

Tifunsenso kuti womanga nyumba yaitali pa gombe amagulitsa ciani. Bedi ndi bedi, kaya liri pansi kaya liri pamwamba. Cimene cimakweza mtengo wa cipinda ca pamwamba ndi zimene mlendo amaona pa zenera, ndipo zimenezo womangayo sanazipange, sanazigulenso kwa munthu. Wazitenga kwa onse amene wawachinga nazisandutsa zake. Mnzake wa pafupi akaona phindu lake adzapempha kumanga yoposerapo kuti asuzumire pamwamba pa denga la woyambayo, ndipo Khonsolo imene inalola woyamba idzasowa mau okanira waciwiri. Amene afuna kuona kumene njira iyi imathera ayang'ane zithunzi za mathithi a Niagara, pa malire a Canada ndi United States. Ku mbali ya Canada kunamangidwa Skylon Tower, ya mamita 160, mu 1965, ndipo lero pa citunda coyang'anizana ndi mathithiwo pali mzere wa mahotela, ena opitirira nsanjika 40, pamodzi ndi nyumba za juga. Alendo amafikako ambiri, inde. Koma amene waona Niagara waona mathithi a m'tauni, ndipo Niagara sali m'kaundula wa UNESCO. Cimene Mosi-oa-Tunya ali naco coposa anzake ndi cakuti munthu woima pa Knife Edge amaona pafupifupi zomwe anaona makolo a Atoka ndi Aleya asanabwere Azungu, kupatula ulalo wa mu 1905.

Mankhwala ake alipo, ndipo ena anawayesa kale. Pa cisumbu ca Bali ku Indonesia, hotela ya nsanjika 10 itamangidwa pa gombe la Sanur mu 1966, anthu sanakondwe nayo, ndipo patapita zaka zocepa kunaikidwa lamulo lakuti nyumba isapitirire mamita 15, ndiko kutalika kwa mtengo wa kokonati. Bali sanasauke nalo lamulolo. Ndi amodzi mwa malo amene amalandira alendo oculuka kopambana ku Asia. Ku London anatsata njira ina. Anasankha malo oimapo munthu, nalemba m'malamulo kuti kucokera pamenepo chalichi cacikulu ca St Paul's ciyenera kuoneka. Amodzi mwa malowo ndi kacitunda ka King Henry's Mound m'paki ya Richmond, pa mtunda wa makilomita 16. Ngakhale kumeneko anaphunzira mowawa: mu 2016 nyumba ya nsanjika 42 imene inali kumangidwa ku Stratford inatulukira kumbuyo kwenikweni kwa denga la chalichico, cifukwa olemba lamulo anaganizira za kutsogolo, osafika nalo patali kumbuyo.

Cimene malamulo awiriwa afanana ndi cakuti ali ndi manambala. Mau akuti nyumba igwirizane ndi malo ake, kapena isaononge maonekedwe, ndi okoma kuwamva, koma loya wocenjera amawapinda m'mawa umodzi. Ngakhale mau akuti nyumba isapitirire mitengo ali ndi pothawira: mtengo uti, woyezedwa kucokera pati, ndipo ukagwa mawa citsala nciani? Mamita 15 ndi mamita 15. Mlembi wa Khonsolo amene ali ndi nambala m'buku lake angathe kukana munthu wa ndalama popanda kucita naye mkangano, ndipo wa ndalamayo amadziwiratu asanagule malo cimene adzaloledwa kumanga. Lamulo lomveka limateteza womanga yemwe, pakuti palibe amene amafuna kuthira ndalama pa hotela yofupika lero, mawa nkudzuka atachingidwa ndi nsanja ya mnzake.

Cifukwa cace tipempha Khonsolo ya Livingstone, pamodzi ndi National Heritage Conservation Commission, ZEMA, dipatimenti yoyang'anira mapaki ndi nyama zakuthengo, ndi mafumu a deralo, a Mukuni ndi a Sekute, kuti akhale pansi tsopano, pempho la nsanja lisanafike. Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la mu 2015 limapatsa makhonsolo mphamvu yolemba pulani ya dera lapadera, ndipo gombe la Zambezi kucokera kumtunda kwa Old Drift kufikira ku zigwembe za kumunsi kwa mathithi liyenera kukhala ndi yake. M'pulanimo mulembedwe kutalika kwa nyumba m'mamita, ndi mtunda umene nyumba iyenera kusiya kucokera pa madzi, ndi mtundu wa magetsi ololedwa usiku. Musankhidwe malo oimapo munthu, pa mtunda ndi pa madzi pomwe, ndipo pempho liri lonse liziyesedwa kucokera pamenepo, osati palokha koma pamodzi ndi zonse zimene zinamangidwa kale ndi zimene zinaloledwa. Kuyesako sikufuna makina a mtengo wapatali. Womanga aimike mlongoti kapena aulutse cibaluni kufika pa msinkhu wa denga limene afuna, cikhale pamenepo sabata yathunthu, ndipo anthu apite akaone okha. Zidziwitso za misonkhano yomvera maganizo a anthu zisamangolembedwa m'Cingerezi pa tsamba lakumapeto la nyuzipepala. Zilengezedwe pa wailesi m'Citonga, m'Cilozi ndi m'Cinyanja, kuti a ku Maramba, a ku Linda ndi a ku Dambwa adziwe.

Pali cinanso cimene Liverpool, ndi zolakwa zake zonse, angatiphunzitse. Pa Pier Head ndi pa Albert Dock munthu ali yense amayenda m'mbali mwa madzi osalipira. Kwathu kuno mipanda ya mahotela ndi malo ogona alendo yatenga mbali yaikulu ya gombe, ndipo mwana wobadwira mu Livingstone angathe kukula osaona dzuwa likulowa pa Zambezi ngati alibe ndalama yogulira cakumwa pa khonde la hotela. Mpanda umachinga cimodzimodzi ndi nsanja. Pulani imene tikupemphayi isiye mipata, yolembedwa pa mapu, imene anthu wamba ndi njobvu zomwe angafikire madzi.

Nanga ofuna kumanga nyumba zazitali apite kuti? M'tauni muli malo. Livingstone, amene anali likulu la dziko lino kucokera mu 1911 kufikira mu 1935, ali ndi mapuloti ogona ndi nyumba zakugwa zimene zifuna mwini ndalama, ndipo mlendo wogona m'tauni amagula cakudya m'tauni, nakwera taxi ya m'tauni, nalowa mu Livingstone Museum, m'malo mothera masiku ake onse kuseri kwa geti la pa gombe. Cokhaco tisamale ndi nyumba zakale za mbiri, ndi mzere umene maso amatsata potsika mseu wa Mosi-oa-Tunya kuyang'ana kumwera.

Mtsinje uli ndi magombe awiri. Cimene ife timanga cimaoneka ku Zimbabwe, ndipo cimene iwo amanga cimaoneka kwa ife. Tauni ya Victoria Falls inakwezedwa kukhala mzinda mu 2020 ndipo nayonso ikukula mofulumira. Dzina lathu m'kaundula ndi limodzi, ndipo likadzafafanizidwa sadzafunsa kuti nsanja iri ku gombe liti. Maiko awiriwa anatha kulandira pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo mu 2013, ndipo amayendetsa pamodzi damu la Kariba. Kugwirizana pa nambala imodzi ya kutalika kwa nyumba sikungawakanike. Ndipo makhonsolo a Siavonga pa Kariba, Samfya pa Bangweulu ndi Mpulungu pa Tanganyika asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a Livingstone okha. Kumeneko mapuloti a pa gombe akugawidwa, ndipo kulemba lamulo pamene gombe likali loyera nkwapafupi kuposa kulilemba maziko atakumbidwa kale.

Nchito yoyamba siifuna bajeti. Epulo akubwerayu, madzi atadzala, makhansala ndi olemba mapulani a Khonsolo adzuke m'mamawa, atenge wojambula zithunzi, aime pa mseu wa Mosi-oa-Tunya pamene utsi umaonekera, kenaka pa mathiriro a Maramba, kenaka akwere bwato kufika pakati pa mtsinje. Pa malo ali onse akhome cikhomo, alembe nambala yake pa mapu, ajambule cimene maso aona. Zithunzizo zipacikidwe m'cipinda cimene komiti yopereka zilolezo imakhalamo, ndipo zina zitumizidwe kwa anzao a kutsidya.